Luso la Harare: limatoledwa pamsewu, nanga amaliona ndani?

Ukamayenda mumsewu wa Julius Nyerere pakati pa tauni ya Harare, umadutsa malo awiri oyandikana kwambiri. Oyamba ndi chipilala cha Mbuya Nehanda, chomwe chinaimikidwa pamwamba pa mphambano ya msewuwu ndi wa Samora Machel. Ukapitirira pang'ono, mphindi zochepa chabe wapansi, umafika pa National Gallery of Zimbabwe, m'mphepete mwa Harare Gardens. Chipilalacho amachiona aliyense, wofuna ndi wosafuna yemwe: kondakitala wa kombi, mayi wogulitsa nthochi, mwana wochokera kusukulu. Koma nyumba inayo, alipo anthu ambiri obadwira mumzinda muno amene afika pomera imvi asanapondemo phazi.

Malo onse awiriwa ndi oonetserapo luso, koma aliwonse ali ndi malamulo ake. Malamulowo ndi amene amagamula kuti ntchito ya mmisiri aione ndani, aigule ndani, ndiponso ngati dzina la mwini wake likumbukike kapena lifafanizike. Ife olankhula Chichewa kuno nkhaniyi ikutikhudza kuposa mmene ambiri timaganizira, chifukwa manja a agogo athu ali m'kati mwake.

Tiyambire m'nyumba. Chionetsero si kungokhoma misomali n'kupachika zithunzi ayi. Pamakhala munthu wotchedwa curator, amene ntchito yake ndi kusankha. Iyeyu amayendera amisiri komwe amagwirira ntchito, amaona zambiri, amatenga zochepa, kenako amaganiza kuti ichi chikhale pafupi ndi chiti. Chithunzi cha mayi akulira ukachiika pambali pa chithunzi cha maliro chimanena zina, ukachiika pambali pa cha ukwati chimanenanso zina. Makoma amapakidwa penti woyera kuti diso lisasokonezeke, magetsi amalozetsedwa pa ntchito iliyonse, ndipo pakati pa zinthu pamasiyidwa mpata woti munthu abwerere m'mbuyo n'kuyang'ana bwino. Pambali pa ntchito iliyonse pamamatidwa kapepala kolembapo dzina la mmisiri, mutu wa ntchitoyo, chaka chimene inapangidwa ndi zipangizo zake. Kapepala kameneka kamaoneka kachabechabe, koma ndi komwe kamasiyanitsa chosema cha m'nyumba ya zaluso ndi chiboliboli cha m'mbali mwa msewu. Mwala ungakhale umodzimodzi, luso lingafanane, koma chimodzi chili ndi dzina ndi mbiri yolembedwa, chinacho chilibe.

Nyumbazi nazo zili mitundumitundu. Ya boma imagula kapena kulandira ntchito zina n'kuzisunga mpaka kalekale kuti zikhale chuma cha dziko. Ya bizinesi imagulitsa, ndipo pa mtengo wa ntchito iliyonse imadulapo gawo lake, kawirikawiri pafupifupi theka, poti ndiyo imalipira lendi, kutumiza katundu kunja ndi kufunafuna ogula. Ukaona kadontho kofiira pambali pa kapepala kaja, dziwa kuti chinthucho chagulidwa kale. Ndiye palinso chionetsero cha pasukulu, chomwe tichionanso kutsogoloku.

National Gallery inatsegulidwa mu 1957, nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, mzinda uno ukadali Salisbury, ndipo dzina lake linali Rhodes National Gallery. Oimanga ankaganizira zojambula za ku Ulaya ndi azungu odzaziona. Koma mkulu wake woyamba, Frank McEwen, yemwe anakhalitsa ku Paris pakati pa ojambula otchuka a kumeneko, anayamba kupereka penti ndi mabulashi kwa anthu akuda ogwira ntchito m'nyumbamo. Mmodzi mwa iwo, Thomas Mukarobgwa, anasanduka wojambula wodziwika. Posakhalitsa anthu ngati Joram Mariga ndi Nicholas Mukomberanwa anatchuka ndi kusema miyala, ndipo pofika 1971 zosema za dziko lino zinali zikuonetsedwa ku Musée Rodin ku Paris.

Apa ndi pamene agogo athu akulowera. Mu 1965 Ian Smith atalengeza kuti Rhodesia yadziimira payokha popanda chilolezo cha Britain, mayiko anaika ziletso za malonda ndipo fodya anasowa msika. Mlimi wina wa fodya kufupi ndi Guruve, Tom Blomefield, anali ndi antchito ambiri oti sakanathanso kuwalipira. Wosema wina, Crispen Chakanyuka, anamuonetsa kuti pamalopo pali mwala wabwino wosema, umodzi mwa miyala ya m'mapiri a Great Dyke. Umu ndi mmene mudzi wa osema wa Tengenenge unayambira mu 1966. Nanga antchito a m'mafamu a fodya masiku amenewo anali ndani? Ambiri anali ochokera ku Nyasaland, Mozambique, Zambia ndi Angola, ena obwera wapansi, ena obwera kudzera ku bungwe lolemba anthu ntchito la Mthandizi. Pakati pa osema oyambirira panali Leman Moses ndi Amali Malola ochokera ku Malawi, Josiah Manzi wa makolo achiyao ochokeranso ku Malawi, ndi Fanizani Akuda, Mchewa wobadwira ku Zambia mu 1932, amene pambuyo pake anasamukira ku Chitungwiza. Aliyense amene anaonapo nkhope za Akuda, za maso otsinzina pang'ono, zina zikumwetulira, zina zikuimba mluzu, sangazisokoneze ndi za wina.

Koma luso lonseli linagulitsidwa kunja ndi dzina limodzi lakuti zosema za Chishona. Dzinali linathandiza malonda, chifukwa ogula a ku Ulaya ankafuna nkhani yosavuta: mtundu umodzi, mizimu yake, ndi mzere wolunjika wochokera ku mbalame zamwala za ku Great Zimbabwe. Sindikuchepetsa Ashona ngati Henry Munyaradzi, Bernard Matemera kapena Sylvester Mubayi, amene anali akatswiri enieni. Chimene chimandiwawa n'chakuti mwana wa Mchewa wa ku Mufakose kapena ku Mabvuku, amene anakula akunyozedwa kuti ndi mbwidi wopanda kwawo, amatha kumaliza sukulu osamva n'komwe kuti luso limene dziko lino limanyadira nalo kunja linaumbidwanso ndi anthu a mtundu wake. Chinawapulumutsa Akuda ndi anzake ndi kapepala kaja. Mayina awo analembedwa, choncho lero tingathe kuwatchula. Anzawo amene ankagulitsira m'mbali mwa msewu anapita ndi mayina awo.

Kusema mwala kukadalipo ndithu. Ku Chapungu Sculpture Park ku Msasa, komwe anayambitsa Roy Guthrie, ndi ku Chitungwiza Arts Centre, ungathe kuona ntchito yonse: kugoba ndi hamala ndi tchizulo, kusalaza ndi tupa, kukwecha ndi sandipepa m'madzi, kenako kuwotcha mwalawo pamoto n'kuupaka phula mpaka uchite kunyezimira. Koma chimene lero chimatchedwa luso lamakono la Harare chinakhotera kwina, ndipo masukulu anathandiza kukhotetsako.

Ambiri mwa amisiri amene akumveka masiku ano anadutsa m'malo awiri: dipatimenti ya zaluso ya pa Harare Polytechnic, ndi sukulu ya National Gallery yomwe kale inkadziwika kuti BAT Visual Art Studio chifukwa inkathandizidwa ndi kampani ya fodya. Ena anakapitiriza ku Chinhoyi University of Technology kapena kunja. Portia Zvavahera anaphunzira ku BAT ndi ku Polytechnic. Moffat Takadiwa ndi Gareth Nyandoro nawo anadzera ku Polytechnic. Pasukulu yotere, chionetsero cha omaliza maphunziro ndi mayeso amene. Wophunzira amapachika ntchito yake, aphunzitsi ndi anzake amaima patsogolo pake n'kumufunsa: bwanji wasankha pepala osati chinsalu, bwanji utoto uwu, ukufuna kunena chiyani? Ayenera kuyankha. Ine ndimaona kuti zionetsero za ophunzira n'zofunika kuposa mmene anthu amazitengera, chifukwa ndi pokhapo pamene wachinyamata angayese chinthu chosagulika popanda wina womuuza kuti alendo sakonda zoterozo. Ndi pamenenso eni nyumba zogulitsa amabwera mwakachetechete kudzaona amene angamutenge. Chovuta chake n'chakuti sukulu ili ndi mpanda ndi geti, ndipo amene amadziwa za tsikulo ndi ophunzira okhaokha ndi abale awo ochepa.

Chinasintha kwambiri luso la mzinda uno ndi umphawi. M'zaka zofika mu 2008 ndalama inagwa mpaka kumayambiriro kwa 2009 boma linatulutsa pepala la madola 100 trillion, ndipo penti wa mafuta, chinsalu ndi mabulashi, zomwe zimachokera kunja, zinasanduka maloto. Amisiri anayamba kutola zimene zinali pafupi. Poyamba kunali kusowa, koma m'kupita kwa nthawi zotolazo zinakhala chilankhulo.

Taonani ntchito za Takadiwa. Amasonkhanitsa mabatani a makompyuta akufa, miswachi yotha, zitsekerero za mabotolo ndi machubu a mankhwala otsukira mano, zambiri zotoledwa kumalo otayira zinyalala. Gulu la omuthandiza limazitsuka, kuzisankha mitundu, kuziboola n'kuzitunga pa ulusi, mpaka pamatuluka chinthu chachikulu cholendewera pakhoma, chooneka ngati nsalu yachifumu ukachionera patali. Ukayandikira m'pamene umazindikira kuti ndi zinyalala za katundu wochokera kunja, ndiponso kuti zilembo za pa mabataniwo, zilembo za chilankhulo cha atsamunda, zamwazikana moti sizikuwerengekanso. Munthu safunika digiri kuti amve zimenezi. Aliyense amene anagulapo foni yakale yochokera kunja n'kumufera m'manja patangotha mwezi akudziwa tanthauzo lokhala kotayira zinthu za ena.

Nyandoro amajambula mavenda, misika ndi piringupiringu wa m'misewu. Amapaka inki papepala lalikulu, amalicheka ndi mpeni n'kusenda timizere, ndipo tizidutswa tina amatisiya tikulendewera mpaka pansi. Njirayi amaitcha kucheka-cheka. Kresiah Mukwazhi amasoka pamodzi zovala zam'kati za amayi, zambiri za kaunjika, pofuna kunena za nkhanza zimene amayi amakumana nazo, makamaka ogwira ntchito m'mabala. Terrence Musekiwa, wochokera m'banja la osema ku Chitungwiza, amasema mutu wamwala monga ankachitira makolo ake, koma thupi amalipanga ndi mawaya, nsalu ndi zitsulo zotola. Wallen Mapondera amagwiritsa ntchito makatoni ndi mathireyi a mazira. Mwa amisiri amenewa, Zvavahera yekha ndiye anakhalabe pa penti, ndipo amajambula maloto ake: anthu ophimbidwa, mapemphero, zilombo za usiku, zonse zokutidwa ndi maluwamaluwa odindidwa ngati a pachitenje. Ntchito zoterezi sizimalankhula kwa munthu wothamanga. Paja akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndiye taganizani ulendo wa mswachi wa Takadiwa uja. Watoledwa ku Mbare, watsukidwa ku Mbare, watungidwa ku Mbare. Kuchoka apo ukulowa m'bokosi, ukukwera ndege. Kuyambira 2011 Zimbabwe yakhala ikutenga nawo mbali ku Venice Biennale, chionetsero chachikulu cha ku Italy chomwe chinayamba mu 1895 ndipo chimachitika pakatha zaka ziwiri zilizonse. Ulendo woyambawo anaukonza ndi Raphael Chikukwa, amene pambuyo pake anadzakhala mkulu wa National Gallery, ndipo anatenga Tapfuma Gutsa, Misheck Masamvu, Berry Bickle ndi Calvin Dondo. Zvavahera anapita mu 2013, Mukwazhi, Musekiwa ndi Mapondera mu 2022, Takadiwa mu 2024. Kwa dziko la mavuto a zachuma ngati lino, chimenechi n'chinthu chonyaditsa, ndipo mayiko ambiri a mu Africa sanafikepo pokhazikika chotere. Koma ogula ali ku Cape Town, London, Paris ndi New York, ndipo ntchito ikagulidwa sibwereranso. Mayi amene Nyandoro anamujambula akugulitsa tomato mwina sadzachiona chithunzicho moyo wake wonse.

Amisiri eni ake akulidziwa vutoli, ndipo n'chifukwa chake anayamba kutsegula malo awoawo. Gallery Delta, yomwe Derek Huggins ndi Helen Lieros anayambitsa mu 1975, inalera ojambula ambiri pa nthawi imene aliyense ankangofuna miyala. First Floor Gallery inayamba mu 2009 m'kachipinda pakati pa tauni. Masamvu, Georgina Maxim ndi Nyandoro anayambitsa Village Unhu. Dana Whabira anatsegula Njelele Art Station mumsewu wa Kaguvi, pakati pa amakanika ndi ogulitsa zitsulo za galimoto. Takadiwa anatenga holo yakale yomweramo mowa ku Mbare n'kuisandutsa Mbare Art Space. Zimenezi ndimazilemekeza kwambiri. Maholo a mowa aja anamangidwa ndi khonsolo ya atsamunda kuti ndalama za antchito akuda, kuphatikizapo agogo athu a m'mahositelo, zibwerere kukhonsolo komweko. Kuika luso m'nyumba yoteroyo, pakati pa anthu amene zinyalala zawo ndizo zipangizo, ndi kuyankha funso lija ndi zochita.

Tsopano tituluke panja. Anthu ambiri amaganiza kuti pabwalo ndi paufulu, poti palibe geti kapena tikiti. Koma bwalo la mumzinda lili ndi eni ake. Kuti uimike chinthu pamsewu pamafunika chilolezo cha khonsolo, kuti usonkhanitse anthu pali lamulo la Maintenance of Peace and Order Act la 2019, ndipo Censorship and Entertainments Control Act ya 1967 ikugwirabe ntchito. Chinthu choti chikhale padzuwa ndi pamvula zaka zambiri chimafuna mkuwa, simenti kapena mwala, ndiponso mlonda, poti mkuwa uli ndi msika kwa ogula zitsulo. Ndalama zoterozo amakhala nazo ndi boma kapena kampani yaikulu. Mapeto ake, zimene zimaima pabwalo nthawi yaitali zimanena zimene wolamulira akufuna kuti zikumbukike.

Mbiri ya mzinda uno ikuchitira umboni. Africa Unity Square kale inali Cecil Square, ndipo tinjira take tinayalidwa motsanzira mbendera ya Britain. Fano la Cecil Rhodes linaima mumsewu wa Jameson, womwe lero ndi Samora Machel, mpaka linachotsedwa mu 1980 n'kukaikidwa ku National Archives. National Heroes Acre inamangidwa mothandizidwa ndi amisiri a ku North Korea, n'chifukwa chake asilikali amkuwa a kumeneko amaima mofanana ndi a m'zipilala za ku Pyongyang. Ndipo mumsewu womwe munali Rhodes uja, pa 25 May 2021, boma linavundukula Nehanda, mzimayi wa mizimu amene atsamunda anamupachika mu 1898.

Nkhani ya chipilala chimenechi ili ndi phunziro lake pa za mphamvu ya anthu wamba. Wosema wake, David Mutasa, atapanga fano loyamba, zithunzi zake zinafalikira pa intaneti, ndipo anthu anakana. Anati uyu ndi mtsikana wonenepa bwino, si mayi wotopa uja wa pachithunzi chimene anajambulidwa atagwidwa. Fanolo linapangidwanso. Ena anadandaula za ndalama zimene zinalowa pamenepo nthawi ya mliri wa Covid-19, zipatala zili pamavuto. Kaya munthu ali mbali iti, mfundo ndi yakuti anthu masauzande amene sanalowepo m'nyumba ya zaluso anakangana za nkhope, msinkhu ndi kaimidwe ka chosema. Amene amati anthu wamba sadziwa luso anayankhidwa pamenepo. Amalidziwa, bola likhale pamene angalione ndipo likhudze zimene amazisamala.

Komanso tisaganize kuti khoma la m'nyumba limateteza nthawi zonse. Mu March 2010, Owen Maseko anatsegula chionetsero chonena za Gukurahundi, kuphedwa kwa anthu ambiri ku Matabeleland m'zaka za m'ma 1980, ku nthambi ya National Gallery ya ku Bulawayo. Apolisi anamumanga, mawindo anamatidwa manyuzipepala kuti odutsa asaone, ndipo ntchitozo zinaletsedwa. Amisiri a ku Harare anamva uthengawo. Mwina n'chifukwa china chimene ambiri amalankhulira mophiphiritsa, kudzera m'zinyalala, nyama ndi maloto.

Pakati pa nyumba yotsekedwa ndi chipilala cha boma pali luso losakhalitsa: zojambula za pamakoma a m'malokeshoni, zolemba za pamakombi, masewero a mumsewu wa First Street, ndi zimene zinkaonetsedwa mu Harare Gardens pa chikondwerero cha zaluso cha HIFA, chomwe chinayamba mu 1999. Izi zimafika kwa anthu, koma mvula ikagwa kangapo kapena khoma likapakidwanso penti, zatha, ndipo nthawi zambiri palibe analemba kuti anapanga ndani.

Ife tili ndi chathu chimene chimakhala m'gulu limeneli, ngakhale sitichitcha chionetsero. Gule Wamkulu, amene anzathu kuno amati zvigure, amatuluka ku Mbare, Highfield, Mufakose, Mabvuku ndi m'mafamu ozungulira mzinda. Za kudambwe sindizikhudza, si za pano. Ndikunena zimene aliyense amaona pabwalo: maonekedwe, utoto, nthenga, nsanza, kutalika kwa Makanja, ulemu wa Kasiyamaliro, kufiira kwa Simoni amene amanyogodola mzungu. Gule sanaime malo amodzi. Kwa zaka zambiri wakhala akutola zatsopano, masaka, mapulasitiki, mpaka zilombo zofanizira galimoto, n'kuzisandutsa ndemanga pa moyo wa lero. Zimene amisiri a Harare anazipeza chifukwa cha mavuto a 2008, bwalo la gule linkazichita kalekale. UNESCO inalemekeza Gule Wamkulu mu 2005, koma m'dzina la Malawi, Mozambique ndi Zambia. Gule wa ku Zimbabwe, amene anasungidwa ndi machona m'migodi ndi m'mafamu kwa mibadwo ingapo, sanatchulidwe.

Kodi ndiye tinene kuti gule alowe mu National Gallery? Apa ndimazengereza. Ku Mua, m'boma la Dedza, nyumba ya Chamare ya pa Kungoni, yomwe anayambitsa Bambo Claude Boucher, imasunga nkhope za gule mazanamazana pamodzi ndi matanthauzo ake, ndipo yathandiza ambiri kumvetsa kuya kwa mwambowu. Koma nkhope yopachikidwa pakhoma ilibe ng'oma, ilibe fumbi, ilibe amayi oyankha nyimbo. Ndiponso lamulo la m'nyumba ya zaluso limafuna dzina la wopanga, pamene mwambo wa gule umakana zimenezo, chifukwa chotuluka pabwalo ndi chilombo, si ntchito ya uje. Kapepala komwe kanapulumutsa dzina la Akuda kangathe kuphwanya mwambo kuno. Ngati chionetsero choterocho chingadzachitike mu Harare, oyamba kufunsidwa akhale akuluakulu a madambwe a m'malokeshoni muno, ndipo iwo ndiwo anene chimene chingaonetsedwe ndi chimene chiyenera kutsala.

Zosema za ku Tengenenge zilibe chopinga chimenecho. Zinapangidwa kuti zionedwe, mayina alipo, ndipo ana ndi zidzukulu za osemawo akadali moyo, ena akusemabe. Chionetsero chosonkhanitsa ntchito za Akuda, Malola, Moses ndi Manzi, chokhala ndi timapepala tolembedwa m'Chichewa ndi m'Chiyao pambali pa Chishona ndi Chingerezi, n'chotheka ndithu, poti Chichewa chili m'gulu la zilankhulo 16 zimene malamulo a dziko lino a 2013 amavomereza. Wophunzira wa ku Polytechnic wochokera m'banja lathu angathe kuyamba ndi kujambula mawu a okalamba a ku Guruve amene anagwira ntchito limodzi ndi anthu amenewa, iwo akadalipo. Ndipo poti miyala siopa dzuwa kapena mvula, chionetserocho chikatha m'nyumba ya pa Julius Nyerere chingathe kukwezedwa pa lole n'kukaima masabata angapo pabwalo ku Mufakose kapena ku Mabvuku.